Zigamba Zitatu pa Chifuwa cha Armand Thibodeau

Sajeni wa polisi Lorna Wasylyk anafika pa nyumbayo, kunja kwa mzinda wa Sudbury, Lachiwiri cha m'ma 8 koloko m'mawa, chipale chofewa chitatsekereza khomo. Armand Thibodeau, mkulu amene anakalambira m'migodi, anali gone pabedi, atazizira kale. Pachifuwa pake panali zigamba zitatu za fentanilo, mankhwala opha ululu amene amalowera pakhungu. Wodwala khansa ngati iyeyu amamatidwa chimodzi basi, masiku atatu alionse.

Mwana wake, Rejean, anali kukhitchini, thukuta lili kamukamu m'nyumba yozizira chonchija. Sanachedwe kuloza chala. Anati womata zigamba ndi Corazon Abellera, mayi wolembedwa ntchito yosamalira bambo ake, ndipo masiku ano mayiyo mutu sukugwira.

Pofika masana Corazon anali m'chipinda chofunsira mafunso, mlandu wopha munthu mosasamala ukumuyang'ana m'maso. Analira, koma mawu sanasinthe. Anati iye ankamata kumsana, kuti mkuluyo asamatule ali m'tulo. Komanso ntchitoyo Rejean anamulanda kalekale, ati bambo amachita manyazi kuvulidwa malaya ndi mkazi.

Wasylyk anali atamvapo misozi yambiri pa ntchito yake, moti sanatengeke nayo. Anamusunga mayiyo, n'kupita kwa Dokotala Grewal, dokotala wa banjalo.

Grewal anali munthu wosazungulira. Anati Rejean anaimba foni kawiri kupempha zigamba tsiku lisanakwane. Koyamba anati chimodzi chamatukira m'bafa, ndipo anamupatsa, poti zimachitika. Kachiwiri anamukaniza. Lamulo la pachipatalapo n'lakuti munthu akapempha msanga kachiwiri, abwere mwiniwake wodwalayo, atatenga zigamba zakale, ayezedwenso mkodzo.

"Kuti muone ngati akuwonjeza?" anafunsa Wasylyk.

"Kapena ngati akulandira n'komwe," anatero Grewal. "Amayenera kubwera lero."

Zotsatira za kupima mtembo zinatuluka Lachinayi, ndipo Wasylyk anaziwerenga kawiri ali chiimire. Armand anafa chifukwa chobanika. M'magazi mwake munalibe fentanilo, ngakhale kadontho. Munthu wa zigamba zitatu pachifuwa! Zigambazo zinamatidwa iye atafa kale, ndipo thupi lake linali litatha milungu osalawa mankhwala.

Wasylyk anamubweretsa Rejean kupolisi tsiku lomwelo. Rejean anakhala pampando akuyasamula, mamina ali chuchuchu. Wasylyk anamuika kapu ya khofi patsogolo, n'kumufunsa za msana wake. Anavomera kuti anavulala mumgodi, ndipo dokotala wina anamusiyitsa mapiritsi opha ululu chaka chatha.

"Bambo Thibodeau, magazi a bambo anu ndi oyera ngati a khanda," anatero Wasylyk. "Zigamba zatsopano zimapita pa thupi la ndani?"

Rejean anayesa za bafa, anayesanso za Corazon. Wasylyk anangomuuza kuti avule malaya. Sanavule. Anagwira khosi la malayawo ndi manja onse awiri, n'kuyamba kulankhula akuyang'ana khofi.

Zatsopano ankadzimata yekha. Bambo ake ankawabwezera zakale zomwe zija, zopanda kanthu, atazilimbitsa ndi pulasitala. Mkuluyo ankabuula, iye n'kumawauza kuti khansa ndiyo yakula. Zitayamba kumuchepera ngakhale iyeyo, m'pamene anaimba foni ija, osadziwa kuti akudziitanira kuyezedwa kwa mkodzo wa bambo ake. Lolemba anawachonderera kuti asapite kuchipatala, ati msewu ndi woterera.

"Anandiyang'ana, n'kunena kuti, 'Rejean, ndikudziwa. Ndinadziwa kalekale.' Anati sakandinenera kupolisi. Ankangofuna tipite tonse, dokotala akandione inenso."

"Ndiye?"

"Akanandisiyitsa, mayi. Akanandisiyitsa." Anapukuta mphuno ndi mkono. "Ndinatenga pilo."

Zigamba zitatu zomaliza anazimata pachifuwa kuti zioneke ngati Corazon walakwitsa. Wasylyk analemba zonse, anamusainitsa, n'kuitana woti amutenge. Chisoni anali nacho, koma osati cha iyeyo.

Wasylyk anapita yekha kukamutsegulira Corazon, n'kumuuza kuti mlandu wachoka, apite kwawo. Anayembekezera kuti mayiyo asangalala, koma ayi, anafuna kumva zonse. Atamva, anakhalanso pansi pa benchi, jekete lili m'manja.

"Ndiye milungu yonse ija analibe mankhwala?"

"Analibe."

"Ankaluma bulangete, mayi. Ine n'kumawasisita phewa, n'kumati pirirani a Thibodeau, mankhwala ayamba kugwira pompano." Anapukuta maso. "Iwo n'kumandiyankha kuti inde mwanawe, ayamba kale."