Tambala Anavina ku Talisay

Ginalyn ankagwira ntchito pa kauntala ya lesitilanti yotchedwa Manok ni Berting, moyang'anizana ndi pokwerera majipini, timabasi ta mumzinda wa Bacolod. Tsiku lonse ankalandira maoda a nkhuku yokazinga ndi mpunga, akumwetulira, n'kumafunsa funso limene manijala anawalamula kuti asamaliiwale: "Muli nalo khadi lathu la mapointi?"

Ambiri ankangopukusa mutu, maso ali pa foni. Koma masana ena kukugwa mvula, panaima mwamuna wovala malaya oyera a kampani yogulitsa feteleza, tsitsi lake likudontha madzi.

"Ndilibe, Day. Limagwira ntchito yanji?" Day ndi mmene anthu a kumeneko amaitanira mtsikana aliyense.

"Mukagula chakudya mumalandira mapointi, bwana. Akachuluka mumadya ulere. Ndi la makasitomala okhulupirika."

"Okhulupirika? Ndiye mwini wake wafika. Lembani Rodel. Nambala ya foni nayi, koma muisunge nokha, manijala asaione."

Ginalyn anaweramira pa makina kubisa kuseka. Manang Susing, mayi amene ankakazinga nkhuku pamalopo kuyambira tsiku limene anatsegula, anasuzumira pa kawindo ka kukhitchini.

"Samala, Day," anatero Manang Susing, mwamunayo atakakhala pansi. "Pakamwa potsekemera choncho nyerere sizisowapo."

Rodel anabweranso mawa lake, ndi tsiku linalo. Ankaima pamzere wa Ginalyn ngakhale utatalika kufika pakhomo. Sabata isanathe, uthenga unalowa pa foni: "Wadya, chemwali wa mapointi? Ine nkhuku yanditopetsa, koma wogulitsa wake ayi."

Lachiwiri, tsiku lake lopuma, Rodel anamunyamula pa njinga yamoto kupita naye ku kafe ina ya pamsewu wa Lacson, yozizira ngati m'firiji. Ginalyn anakulira pa esiteti ya nzimbe ku La Carlota, kumene bambo ake ankadula nzimbe mpaka mikono kuchekekachekeka ndi masamba. Shuga ankamudziwa ali m'munda. Uyu wa m'magalasi, wokhala pa timbale toyera, anali asanamulawepo.

"Sankha," anatero Rodel.

"Sindidziwa n'komwe mayina ake."

"Ndiye tiyambira kumanzere. Lachiwiri lililonse kamodzi, mpaka mano atatithera."

Anayamba ndi napoleones, timakeke ta magawomagawo tokhala ndi kasitadi mkati ndi shuga woyera pamwamba. Ginalyn ataluma, nyenyeswa zinagwera pa bulauzi. Rodel anamupukuta pamlomo ndi chala.

"Wadzipaka, Ga."

Ginalyn anasiya kutafuna. Ga ndi dzina limene munthu amaitanira wapamtima pake yekha, ndipo panalibe amene anamuitanapo choncho.

Lachiwiri lina analawa ensaymada, buledi wofewa wa tchizi pamwamba, lina keke ya chilazi chotchedwa ube, lina mabisiketi a silvanas ozizira ochititsa dzanzi mano. Akatha kafe imodzi ankasamukira kwina. Nthawi zonse Rodel ankafunsa kuti, "Unene zoona, chokoma kwambiri n'chiti?" Chimene Ginalyn wasankha, iye ankagula bokosi lathunthu.

"Awa ndi a Nanay," ankatero, kutanthauza amayi ake.

Lamlungu sankapezeka, chifukwa ankati amakhala ndi amayi akewo, odwala miyendo, ku Silay. Ginalyn ankamukondera zomwezo. Mwamuna wosamala mayi ake angalephere bwanji kusamala mkazi?

Mapointi ake Rodel sankawadya. "Ndikusungira tsiku lalikulu, Ga. Udzaona wekha." Ginalyn anali ndi chithunzi chake cha tsiku lalikululo, ndiye anayamba kuthandiza. Kasitomala wopanda khadi akagula, zala zake zinkalowetsa mwakachetechete nambala ya khadi la Rodel, imene ankaidziwa pamtima. Manijala akanadziwa, ntchito ikanatha tsiku lomwelo.

Manang Susing anaona.

"Iwe ukumuwonjezera mapointi. Nanga iye akukuwonjezera chiyani?"

"Akukaonekera kwathu, Manang. Lamlungu lomaliza la mwezi uno."

"Wanena yekha, kapena wamunenera ndiwe?"

Ginalyn anamuonetsa foni. Uthengawo, wonena za bambo ake a Ginalyn, unali wakuti: "Ndikufuna Tatay ako andione nkhope. Iwe si wobisa, Ga. Chaka chino chisanathe ndikuveka mphete, Mulungu ndi mboni."

Manang Susing anawerenga, napukuta manja pa epuloni. "Chabwino. Ngati zili choncho, ine ndidzavina mpaka bondo langa lodwalali litachira."

Loweruka lake, kutatsala tsiku limodzi kuti apite ku La Carlota, manijala anamuitana m'mawa. Ku nthambi ya ku Talisay kunali phwando la mwana, ndipo munthu wovala chovala cha tambala posangalatsa ana anali atadwala. Pankafunika munthu wamfupi. Ginalyn anakwera jipini. Ali m'njira uthenga unalowa: "Ndili pa boti, Ga, bwana andituma ku Iloilo. Ndibwera madzulo. Mawa ndi tsiku lathu."

Anayankha kuti, "Uyende bwino. Nanay ayamba kale kusesa pabwalo."

Chovala cha tambala chinali cholemera, chonunkha thukuta la munthu wina. Anamuveka mapazi achikasu, mapiko, kenako mutu. Dziko lonse linatsala kaukonde kakang'ono ka m'kati mwa mlomo wa tambalayo. Anamuuza malamulo awiri: tambala salankhula, ndipo savula mutu pamaso pa ana.

Nyimbo inayamba, chitseko chinatsegulidwa, ana anakuwa n'kumuthamangira. Mtsikana wotsogolera mwambo anagwira maikolofoni.

"Tambala wabwera kudzaona Yanyan, amene wakwanitsa zaka zisanu lero! Yanyan, bwera kutsogolo ndi amayi ndi adadi."

Kamtsikana ka diresi lachikasu kanabwera, kakukoka mayi woyembekezera. Dzanja linalo kanagwira mwamuna wovala chipewa chapepala.

Anali Rodel.

Ginalyn anayang'ana bwinobwino kudzera pa kaukonde kaja. Wotchi yake yomweyo. Chipsera cha pachibwano chomwecho. Anadikira kuti mtima uphulike, koma palibe chinachitika. Ankangomva mpweya wake ukubwerera m'kati mwa mutu wa tambala. Nyimbo inkamveka ngati ikuchokera m'nyumba ya eni ake kutali. Mapazi achikasu aja anapitiriza kuvina okha.

"Adadi avine ndi tambala," anatero wotsogolera mwambo.

Rodel anagwira mapiko onse awiri n'kuyamba kugwedeza chiuno, anthu akuseka. Nkhope yake inali pafupi, mwakuti Ginalyn ankamva fungo la sopo wake. Anamuzungulitsa kawiri, kenako anatembenukira kwa mayi woyembekezerayo.

"Ukujambula, Ga? Ujambule bwino, tambalayu akundiposa."

Ndiye kuti dzina lija linali la anthu awiri. Ginalyn analiganiza mofatsa, ngati mmene munthu amawerengera chikwangwani cha pamsewu.

Nthawi ya chakudya tambala ankayenda pa tebulo lililonse kupatsa ana moni. Atafika pa tebulo la akuluakulu, mkazi wa Rodel anali akufotokozera azakhali ena.

"Chakudya chonsechi n'cha mapointi, Tita. Mwamuna wanga wadya nkhuku ya Berting miyezi yonseyi kuti mwana wake achite phwando. Ine ndinadabwa kuti achuluka msanga bwanji. Akuti kumeneko amamukonda."

"Cherrylou, unapata mwamuna," anatero azakhaliwo. "Wanga amangosunga mabotolo."

Tambala anaomba mapiko, monga anamuphunzitsira, n'kupita pa tebulo lina.

Anajambulitsa ndi banja lonse. Yanyan anamukumbatira mwendo, nati, "Tambala, ubwere kwathu, ndili ndi bedi." Tambala anagwedeza mutu kuvomera.

Phwando litatha anamulowetsa m'kachipinda kosungiramo makatoni. Anavula mutu n'kuuika pambali pake, nakhala pa ndowa yovundikira. Tsitsi linali litamatirira kumaso. Sanaganize zovula mapiko. Anangoyang'ana khoma, pamene panali kalendala ya chaka chatha.

Wina anagogoda. Analowa Cherrylou atanyamula kambale kapepala, Rodel ali pambuyo pake ndi botolo la madzi.

"Ayi, ndi mtsikana," anatero Cherrylou. "Ine ndimayesa mwamuna. Day, wavutika ndi kutenthaku. Tenga, udye."

Pa kambalepo panali napoleones awiri.

Rodel anaima pakhomo. Chipewa chapepala chinali chidakali kumutu.

"Ndi okoma kwambiri awa," anapitiriza Cherrylou. "Chiyambireni mimbayi ndimangofuna zotsekemera. Ndiye bambo awa Lachiwiri lililonse amazungulira makafe onse, kulawa kaye, n'kundibweretsera zokoma zokhazokha. Sanalakwitsepo ngakhale kamodzi. Ga, mupatse madziwo, waima ngati mtengo bwanji?"

Rodel anatambasula dzanja. Ginalyn analilandira ndi phiko.

"Zikomo, bwana."

"Uli pabanja, Day?" anafunsa Cherrylou.

"Ayi, madamu."

"Usathamange. Udzapeze ngati wangayu. Alipo ochepa, koma alipo."

Ginalyn anayang'ana mimba ya mayiyo, ndi mapazi ake otupa m'masilipasi. Mawu anali pafupi. Foni yodzaza mauthenga inali m'chikwama chake pa msomali, pongotambasula dzanja. Koma kunja Yanyan ankaitana amayi ake kuti adzaone mphatso, ndipo Ginalyn anaisiya foniyo m'chikwamamo.

"Zikomo, madamu. Mwana wanu ndi wokongola."

Cherrylou anatuluka. Rodel anatsalira pang'ono, akuyang'ana kumbuyo.

"Ga, ndimvere. Ndimafuna kukuuza. Zinthu kunyumba sizili mmene ukuzionera."

"Ku Iloilo mwabwerako msanga, bwana."

"Usanditchule choncho. Ndimakukonda, ukudziwa. Tikumane Lachiwiri, ndikufotokozera zonse."

"Nanga mawa?"

Rodel anayang'ana pansi.

"Akukuitanani," anatero Ginalyn. "Mphatso sizinatsegulidwe."

Rodel anapita. Ginalyn anatenga keke imodzi n'kuluma, chifukwa anali asanadye chilichonse kuyambira m'mawa. Inali ngati akutafuna katoni. Anamaliza onse awiri, namwa madzi, navula mapiko ndi mapazi, n'kupachika chovalacho bwinobwino pamalo pake.

Mu jipini foni inkanjenjemera m'chikwama osalekeza. Anaona mzere woyamba wokha: "Ga chonde yankha, popanda iwe ine…" Sanatsegule. Anayang'ana minda ya nzimbe ikudutsa, kenako nyumba, kenako masitolo. Anazindikira kuti wapitirira potsikira pake dalaivala atamufunsa kuti, "Day, kodi mukutsika kuti?"

Anabwerera wapansi kuntchito kukasiya yunifolomu. Manang Susing anamuyang'ana kamodzi kokha, n'kuzimitsa moto pansi pa mafuta.

"Ndi wokwatira, eti?"

"Mwana mmodzi, wina ali m'njira."

"Walira?"

"Ayi, Manang. Sikukubwera."

"Kubwera. Usakukakamize." Anamukokera mpando. "Mkazi wake wamuuza?"

"Anandipatsa keke."

Manang Susing anatsegula firiji. Anamuthirira madzi ozizira m'kapu, nakhala naye mpaka oda ina inaitana.

Dzuwa lisanalowe, amayi ake anaimba foni kuchokera ku La Carlota. Kumbuyo kunkamveka anthu akukoka mabenchi, ndi mawu a bambo ake akulamula wina kuti agwire bwino lona.

"Inday, mwana wanga, mlendo wathuyo amadya za tsabola? Tatay ako wapha kale kankhumba kaja. Achita kubwereka malaya a kolala kwa aneba athu, a Nong Isko. Mufika nthawi yanji?"

"Sabwera, Nay."

"Ntchito yamugwira? Ndiye Lamlungu linalo?"

"Ayi. Sadzabwera."

Ginalyn anadabwa kumva mawu ake ali bwinobwino, ngati akubwereza oda ya kasitomala. Anamva amayi ake akuyenda, phokoso la mabenchi likuchepa, chitseko chikutsekedwa.

"Wakuchita kanthu? Uli ndi pakati?"

"Ayi, Nay. Ali ndi mkazi basi."

Amayi ake anapuma mpweya wautali.

"Nanga Tatay muwauza chiyani?" anafunsa Ginalyn.

"Zimenezo n'zanga. Iwe ukwere basi yoyamba mawa. Nyama ilipo, anthu tawaitana kale, ndipo mwana amene ndikumudikira ine ndi iweyo. Wamva?"

"Ndamva, Nay."

M'mawa mwake anakwera basi ya ku La Carlota yekha. Atatsika pa mphambano ya ku esiteti, anaona bambo ake ataima pansi pa mtengo wa mango, atavala malaya a kolala otalika manja kuposa mikono yawo. Anangomulanda chikwama n'kuyamba kuyenda patsogolo. Ginalyn anawatsatira, akuyang'ana khosi lawo lopsa ndi dzuwa pamwamba pa kolala yobwerekayo, ndipo asanafike pa nyumba yoyamba, misozi ija inabwera, njira n'kuyamba kusaoneka bwino.