Mizere pa Laputopu ya Anesi

Mawaya anatseka shopu yake anzake onse a mumsewuwo atapita kalekale, ndipo anaitseka atakwiya. Chomukwiyitsacho chinali m'chikwama kumsana kwake: laputopu yakuda, yachikale, yolemera ngati njerwa, imene inamudyera tsiku lonse osapeza mpata ngakhale womwa madzi.

Mawaya anali wokonza makompyuta. Manja anali nawo abwino, koma mtima unali wapachala, moti kasitomala akanena kuti "yangozima yokha," iye ankamuyang'ana ngati wamupeza akuba. Munthu mmodzi yekha ndiye ankamufewetsa: Anesi, mayi wamasiye wogwira ntchito ya unamwino, amene Mawaya anakhala akuwazungulira kwa nthawi yaitali osapatsidwa ngakhale mpando. Mmawa wa tsikulo Anesi anabwera okha kushopu, n'kuika laputopuyo patebulo.

"Inali ya malemu bambo akunyumba," anatero. "Chimwalirireni iwo yangokhala m'wadiropu. Ndayamba sukulu ya pa intaneti, ndiye ndikuifuna, koma sikirini ikungoonetsa mizere yokhayokha. Mukaikonza mubwere nayo nokha kunyumba, mudzamweko tiyi. Koma lero, a Mawaya. Mawa lanu lija amunanu ndinatopa nalo."

Kunyumba! Mawu amenewo anamulowa Mawaya mpaka m'mafupa. Anadziwa kuti akalephera lero, khomo limenelo silidzamutsegukiranso.

Koma laputopuyo inali yamwano. Batire yake inali itafa kalekale, moti inkayaka pokhapokha ili pa chaja. Atayiyatsa, mizere yobiriwira ndi yofiira inatsika kuchokera pamwamba mpaka pansi, ikuthwanima. Anailumikiza ku monita ya pashopu, ndipo kumeneko chithunzi chinatuluka choyera bwinobwino, kabokosi kofunsa pasiwedi kali pakati, kusonyeza kuti bodi, ubongo wa laputopuyo, inali yamoyo. Pasiwediyo Anesi sanamupatse, iyenso anachita manyazi kufunsa. Anaweramitsa chivundikiro pang'ono, mizere n'kusowa. Anachikweza, mizere n'kubwerera.

"Kachingwe basi," anatero, akudzitama yekha.

Atamasula anapeza hinji ya kumanzere, kachitsulo kogwira chivundikiro, itapindika moipa, ngati wina anatseka chivundikirocho ndi mphamvu zake zonse pali chinthu pakati. Anaiwongola, n'kusintha kachingwe ka sikirini. Mizere inabwerera. Anasintha sikirini yonse, kuikapo ina yatsopano imene ankaisunga ngati dzira. Inayera kwa kanthawi, kenako mzere umodzi wofiira unatsika pakati penipeni, pang'onopang'ono, mwachipongwe. Mawaya anatukwana laputopuyo, anatukwana amene anaipanga ndi makolo awo omwe, n'kumasulanso zonse. Pamene mzerewo unagonja, kunja kunali kutada bii, maminibasi atasiya kuyenda.

Anaimba foni ali pakhomo pa shopu.

"Yatheka. Ndikubwera nayo."

"Nthawi ino?" Anesi anaseka pang'ono. "Chabwino. Ndabandika madzi."

Njira ya kwa Anesi inali imodzi yokha: kutsika msewu wafumbi, kutsata mpanda wa manda, kuwoloka mlatho wachitsulo wa pa kamtsinje konunkha, n'kukwera chitunda. Mawaya sankaopa manda. Ankakonda kunena kuti akufa ndi makasitomala abwino chifukwa sabweranso kudzadandaula. Ankaopa amoyo, ndipo amoyowo anawasungira sikuludiraiva yaitali m'thumba la buluku.

Anayenda akuimba mluzu, akukonza m'mutu mawu oti akanene akapatsidwa kapu. Nyumba zinayamba kutalikirana. Nyali za m'makonde zinatsala m'mbuyo. Agalu amene ankamuuwa kumtunda anangosiya onse nthawi imodzi, koma iye sanasamale.

Atafika pakati pa mpanda wa manda, anamva kumsana kukufunda.

Anaganiza kuti ndi thukuta. Anayendabe. Kufundako kunasanduka kutentha, kenako anamva kaphokoso kamene khutu lake linkakadziwa bwino kuposa mawu a mayi ake. Fani. Fani ya laputopu inali kuzungulira m'chikwama.

Anaima. Batire yakufa. Chaja ili m'thumba la pambali, yokulungidwa. Nanga ikuyaka ndi chiyani?

"Zopusa," anatero mokweza, koma mluzu uja sunabwerenso pakamwa.

Anafulumira mpaka pamlatho, chifukwa sankafuna kutsegula chikwama pafupi ndi mpandawo. Anagwada pa zitsulo zozizira, n'kutulutsa laputopuyo, n'kukweza chivundikiro. Kuwala kunamumenya m'maso. Kabokosi ka pasiwedi kanali pomwepo. Kenako, kuchokera pamwamba, mzere wofiira uja unayamba kutsika... Wachiwiri... Wachitatu... Tsiku lonse la ntchito likuwonongeka iye akuona!

"Tseka."

Mawaya anadzutsa mutu. Mawuwo anachokera kutsogolo, pamene panalibe munthu mphindi yapitayo.

Munthu anali atatsamira chitsulo cha m'mbali mwa mlatho. Wamtali, woonda, wa shati yoyera yositidwa bwino, mabatani atamanga mpaka pakhosi. Nsapato zake zinalibe fumbi. Mphete ya pachala chake inkagogoda chitsulocho. Ngwe. Ngwe. Ngwe.

"Tseka, iwe. Wasamba m'manja?"

Palibe moni, palibe ulemu. Mantha a Mawaya anasanduka ukali nthawi yomweyo, poti anakumbukira kanthu. Anesi anamuuzapo za mlamu wawo, mchimwene wa malemuyo, munthu wadyera amene anakokolola katundu wa m'nyumba maliro atangotha. Ndiye ameneyu! Wamva kuti pali mwamuna akubwera kunyumbako, wabwera kudzatchinga njira.

Mawaya anaimirira, chikwama chili kumsana, laputopu ili m'manja.

"Ndinu alamu awo aja eti? Amene munanyamula firiji ndi mipando mayi akadali kulira? Simunakhute? Mukufunanso iyi?"

Ngwe. Ngwe.

"Wakupatsa chilolezo ndani?"

"Eni ake!"

"Mwini wake ndine."

"Mwini wa chiyani, wa laputopu?"

"Wa zonse za m'nyumba imene ukupitayo."

Ananena mosakweza mawu, ngati akuwerenga mtengo wa sopo. Mawaya anatukwana mawu amene sitingawalembe pano. Anamuuza kuti munthu si mpando woti n'kunyamula, kuti Anesi ndi mayi wamkulu wodziwa chimene akufuna, kuti achoke panjira asanaone zakuda. Dzanja lake linapita m'thumba, n'kugwira sikuludiraiva.

Mlendoyo sanasunthe.

"Wasintha kachingwe," anatero. "Wasintha sikirini. Wawongola hinji yanga ndi manja akudawo. Ukamufunse chimene chinaipinda."

Dzanja la Mawaya linasiya sikuludiraiva ija. M'shopu muja anali yekha tsiku lonse, chitseko chotseka. Za hinji sanauze munthu. Ngakhale Anesi.

"Mwadziwa bwanji?"

Ngwe. Ngwe.

Mawaya anatembenuza laputopuyo kuti kuwala kwake kugwere pa mlendoyo. Kukanakhala bwino akanapanda kutero. Kuwalako kunadutsa. Kunadutsa shati yoyera ija n'kukagwera pa chitsulo cha kumbuyo kwake, dzimbiri likuoneka bwinobwino. Nkhope inalipo, yaitali, ya milomo yopyapyala, koma inkathwanima. Kuoneka... kusowa... kuoneka. Ndipo pakati pa nkhopeyo, kuchokera pachipumi mpaka pachibwano, panatsika mzere wofiira.

"Mayo!"

Mawaya anamenyetsa chivundikiro. Mdima. Anathamanga. Sanadziwe ngati anamudutsa pambali kapena pakati. Anangomva kuzizira, kuzizira kwa m'firiji, kukumulowa m'mano. Zitsulo za mlatho zinalira pansi pa mapazi ake. Mapazi ake okha. Koma mphete ija inkabwera m'mbali mwake, ikugogoda chitsulo chilichonse. Ngwe! Ngwe! Ngwe! Pafupi. Pafupi kwambiri. Pakhutu penipeni...

Mlatho unatha. Phokoso linatha. Iye sanaime mpaka pamwamba pa chitunda.

Munthu ndi wodabwitsa. Pamene ankagogoda pakhomo pa Anesi, Mawaya anali atadzinamiza kale kuti maso anamupusitsa chifukwa choyang'ana mizere tsiku lonse, kuti batire yakufa nthawi zina imadzidzimuka, kuti amene uja anali mlamu basi. Ankafunitsitsa kuti akhale mlamu.

Anesi anatsegula atavala diresi yabuluu imene Mawaya anali asanaionepo. Pabalaza panali poyera, pakununkhira sopo. Patebulo panali makapu awiri, shuga, ndi buledi wodula kale.

"Ii, a Mawaya, mwathamanga? Tiyi sathawa."

"Alamu anu aja ndi munthu woipa," anatero Mawaya, akupuma mwabefu. "Anditchingira pamlatho. Akuti zonse za muno ndi zawo."

Anesi anakwinya nkhope.

"Alamu? Alamu anasamukira kunja kwa dziko kalekale. Ndiponso aja sangayende usiku, ndi mimba yawo ija. Mwina ndi chidakwa chabe. Khalani pansi."

Mawaya anakhala. Anatulutsa chaja, n'kulumikiza laputopuyo kukhoma. Inayaka mwaulemu. Sikirini inali yoyera, yopanda mzere ngakhale umodzi.

"Mwaitha!" Anesi anaomba m'manja ngati mtsikana. Anakoka mpando n'kukhala pafupi naye, pafupi moti phewa lawo linakhudza lake. Mawaya anamva kukoma mumtima, ndipo kwa kamphindi anaiwala mlatho. Anesi analemba pasiwedi ndi chala chimodzi.

Chithunzi chinadzaza sikirini yonse.

Shati yoyera. Mabatani mpaka pakhosi. Nkhope yaitali, milomo yopyapyala, dzanja la mphete litagwira chibwano.

Mpando wa Mawaya unagwa chagada.

"Ndi ameneyu! Ndi amene ndakumana naye!"

"Musaseweretse zimenezo," Anesi anatero, mawu atauma. "Amenewa ndi malemuwo. Chino ndi chaka chachisanu ali kuseri kwa mpanda mwadutsawo. Ndinawasambitsa ndekha."

Apa munthu wanzeru akanatseka pakamwa. Akanati wasokoneza nkhope, akanamwa tiyi wake, n'kuyamikira diresi. Koma pakamwa pa Mawaya sipanaphunzirepo kudikira mutu.

"Anandifunsa ngati ndasamba m'manja. Ankagogoda chitsulo ndi mphete. Anati... anati ndikufunseni chimene chinapinda hinji."

Anesi sanakuwe. Kukanakhala bwino akanakuwa. Nkhope yake inangofota Mawaya akuona. Kenako anatulutsa dzanja lamanzere pansi pa tebulo n'kuliyala pafupi ndi kapu. Zala ziwiri zapakati zinali zokhota, zosawongoka.

"Ndinkangopukuta fumbi pa kiyibodi," anatero chapansipansi. "Anandipeza. Anafunsa kuti wandipatsa chilolezo ndani, n'kutseka dzanja lili momwemo. Kuntchito ndinanama kuti ndi chitseko cha galimoto. Palibe amene ndinamuuza, a Mawaya. Ngakhale mayi anga."

"Pepani. Sindinadziwe. Koma munthuyo anafa, Anesi, sangakuuzeninso zochita. Laputopuyi titaye, ndikupezerani ina, ine ndili pano..."

"Zaka zonsezi ndimati ndinapuma."

Anesi anaimirira. Anatseka laputopuyo ndi manja awiri, mosamala, kuti isalire. Anatenga kansalu koyera n'kuyamba kupukuta chivundikiro, malo onse amene zala za Mawaya zinakhudza. Kenako anatenga kapu imodzi mwa awiri aja, n'kukaibweza m'kabati. Mawaya anaona zonsezo, ndipo zinamupweteka kuposa za pamlatho.

"Dzipitani," anatero Anesi, osamuyang'ana. "Musadzabwerenso. Mukandiona pamsewu musandipatse moni."

"Usiku uno? Njira ndi imodzi yokha, Anesi. Ali pamlatho paja!"

"Inu mukhoza kuthamanga. Ine ndimagona muno."

Anatsegula chitseko n'kuima pambali, maso ali pansi, ngati mkazi amene mwamuna wake ali m'chipinda akumvetsera. Mawaya anatola chikwama chake chopanda kanthu n'kutuluka. Anatembenuka kuti anenepo mawu amodzi okha, koma chitseko chinali chitatsekeka kale. Kiyi anazungulira kawiri. Kenako nyali ya pakhonde inazima.