Munthu wa M'gemu Amene Ankayenda Yekha

Amene anayamba kuona zachilendozo anali Tionge, Lachiwiri m'mawa, nkhungu ya mwezi wa Juni isanachoke pa Boma la Mzimba. Iye ndi mlongo wake Cedric anali ndi kagulu ka pa foni komwe ankauza anzawo za magemu, makamaka aja a dziko lalikulu lomwe munthu amangoyendamo kulikonse kumene wafuna. Mwezi umenewo ankayerekeza magemu awiri. Ina inali ya mzinda wa magalimoto ndi mfuti, imene akatswiri akunja anaitamanda kwambiri. Inayo onse anainyoza, ati ilibe moyo: mapiri, udzu wautali, ng'ombe zobalalika, ndi munthu mmodzi wa ndodo woyenda wapansi. Cedric ankagwirizana nawo. Tionge ankaikonda chifukwa cha mphepo yake, yomwe inkamveka ngati yeniyeni.

Dzulo lake anamusiya munthu wa ndodoyo ali chikhalire pamwala. M'mawa anamupeza kutali, pakati pa dambo, ng'ombe zitatu zili patsogolo pake.

"Adumbu, mwasewera ndinu?" Tionge anafunsa mlongo wakeyo.

"Ine gemu yogonetsa tulo imeneyo? Ndi yowonongeka basi," anatero Cedric. "N'chifukwa chake anaipatsa mamalikisi ochepa."

Lachitatu munthuyo anali atadutsa dambolo. Lachinayi anali pamwamba pa phiri lomwe onse awiri anali asanafikepo. Mayi woyandikana nawo ananong'oneza Tionge pampopi kuti mbandakucha amamva mabelu a ng'ombe m'nyumba mwawo, chonsecho pa Boma pano iwo analibe ngakhale mbuzi.

Lachisanu Tionge anadzuka tambala woyamba atangolira. Pabalaza panali kuwala kobiriwira, ndipo udzu unkalira pang'onopang'ono m'sipika. Pansi, atatsamira mpando, panali bambo awo, a Jere. Sitiroko inawafooketsa miyendo zaka ziwiri zapitazo, ana n'kuwachotsa ku Edingeni kumene anaweta ng'ombe moyo wawo wonse. Anali atadzikwakwaza kuchokera kuchipinda, ndipo ankakankha kandodo ka kontirola ndi chala chimodzi.

"Adada, mukutani?"

"Nkhwenda waka, mwana wane," anayankha osacheuka. "Ndikungoyenda. Ndinkaona mmene umachitira. Tamvera udzuwo, ngati dambo la kwathu chomene."

Cedric atamva anaseka mpaka misozi, nkhani n'kuoneka ngati yatha.

Sabata yotsatira a Jere anadwala chibayo, ndipo anawagoneka kuchipatala cha ku Embangweni, kufupi ndi abale. Tionge anapita kukawadikirira. Cedric anatsala yekha. Tsiku lachiwiri anayatsa gemuyo kuti amalize zolemba zake, n'kupeza munthu wa ndodoyo atatsika phiri. Anatsekera kontirola m'kabati, kiyi n'kuika m'thumba. M'mawa mwake munthuyo anali atayendanso, ng'ombe zitachuluka patsogolo pake. Loweruka anali ataima m'mphepete mwa mtsinje waukulu, ng'ombe zonse zitawoloka.

Cedric anali atawerenga kuti ngakhale onyoza aja ankavomera chinthu chimodzi: tsidya la mtsinjewo ndi lokongola kuposa chilichonse cha mumzinda wa magalimoto. Sakanapereka chigamulo asanalione. Dzuwa likulowa anatulutsa kontirola, n'kukankha kandodo. Munthuyo analowa m'madzi mpaka m'mawondo, kenaka anatembenuka yekha kubwerera kumtunda. Cedric anakankhanso. Madzi anafika m'chiuno, kontirola ikunjenjemera m'manja, ndipo m'sipika munkamveka kupuma kolemera komwe anali asanakumvepo m'gemumo. Munthuyo anabwereranso. Kachitatu Cedric anakanikiza ndi zala ziwiri osasiya. Madzi anakwera pachifuwa, n'kufika m'khosi. Pamenepo magetsi anazima, nyumba yonse n'kuti zii.

Lamulungu Cedric anakwera minibasi yoyamba ya ku Embangweni. Tionge anamuchingamira pakhonde la wodi, maso atatupa.

"Dzulo dzuwa likulowa tinatsala pang'ono kuwataya," ananong'ona. "Ankabanika ngati akumira. Katatu konse. Anamwino anachita kuthamanga ndi mpweya."

A Jere anali maso, akuyang'ana kudenga, nkhope ili phee ngati ya munthu amene wangodzuka kumaloto abwino.

"Ndayenda, Cedric," anatero motsitsa. "Miyendo yonse iwiri. Ndinafika pamtsinje. Tsidya linalo kunali ng'ombe zanga zonse, ndi zija zinafa ndi matenda, zonenepa, ndipo malemu amayi ako anali chiimire pakati pawo. Kuwala kwake sindinakuonepo. Koma ndinati ayi, ana anga sanakhazikike, ndibwerere. Mbwenu wina ankandikankha kumsana. Ndikabwerera, akundikankhanso."

Cedric anabisa manja m'matumba. Sanathe kuyang'ana mlongo wake.

"Kunyumba magetsi abwera?" anafunsa bambowo.

"Mmene ndimachoka anali asanayake, adada."

A Jere anatseka maso n'kukoka bulangete mpaka pachibwano, mano akugundana pang'ono.

"Akayaka, ukanditulutse m'madzimo, mwana wane. Ndidakali momwemo, ndipo akuzizira."

Cedric anatuluka m'wodimo osatsanzika, n'kuyamba kuthamangira kumsewu.