Chidutswa Chakuda cha Belteni

Ishbel anatulutsa keke mu uvuni, nyumba yonse n'kudzaza fungo la sinamoni, jinja ndi uchi. Linali fungo la malemu mayi ake, amene chaka chilichonse ankaphikira mudzi wonse keke ya Belteni, chikondwerero cholandira mwezi wa Meyi, nthawi imene chisanu chimatha m'dziko lawolo. Chaka chino ntchitoyo inagwera iye, koma mtima wake unali ndi chilonda.

Chilondacho chinachokera kwa Rhona, mnzake wa m'kalasi wosasunga pakamwa. Ananena pagulu kuti poti mayi a Ishbel kulibe, bola angogula keke kusitolo kusiyana n'kuthyola anthu mano. Ana anaseka, Ishbel n'kusungira kumtima.

Mwa mwambo, chidutswa chimodzi cha keke amachipaka khala, zonse n'kuziponya m'chipewa, aliyense n'kutola atatsinzina. Wotola chakudacho amadumpha moto katatu, ndipo chaka chonse amamutcha nkhalamba ya Belteni. Ishbel anapaka khalalo mosaumira, akuganiza za Rhona. Podula kekeyo, bambo ake, a Fergus, sanawawerengere chidutswa. Ngozi ya galimoto imene inatenga mkazi wawo inawasiya ndi mwendo wolumala, ndipo kuyambira pamenepo sankatuluka m'nyumba.

Madzulo anthu anazungulira moto pamwamba pa phiri. Ishbel anayenda ndi chipewa, chala chake chachikulu chitapanikiza chidutswa chakudacho m'kati. Ankamulambalala dala Rhona mpaka chinatsala chomwecho basi.

Rhona akutambasula dzanja, kunamveka ndodo ikugogoda pamiyala. Anali a Fergus, thukuta lili kamukamu. Anati fungo lija linawakaniza kukhala pansi.

"Mwakwera phiri lonseli, a Fergus? Chatsala chimodzi, tengani inuyo," anatero Rhona.

Ishbel anafuna kukaniza, koma anachedwa. Bambo ake anapisa dzanja m'chipewa, natulutsa chidutswa chakuda bii. Chaka chilichonse apa m'pamene anthu ankafa ndi phwete. Tsiku limeneli palibe amene anaseka. Onse ankayang'ana motowo ndi mwendo uja.

"Mwambo ndi mwambo," anatero a Fergus, akupatsira ndodo munthu amene anali pafupi.

Rhona anawagwira mkono. "Ayi, chinali changa chimenecho. Ndidumpha ndine. Ndipo dzina la nkhalamba likundiyenera, kulongolola kwangaku."

Anthu anaseka pang'ono, mitima n'kutsika. Rhona anayamba kumanga zingwe za nsapato. Koma a Fergus sankaseka nawo. Maso awo anali pa chala cha mwana wawo, chimene chinali chitada ndi khala mpaka m'chikhadabo.

"Mwanawe," anatero motsitsa mawu, "mayi ako ankagwira chipewa kunja, osapisamo chala."

Manyazi anamugwira Ishbel kuposa tsiku lomwe anasekedwa m'kalasi. Akanatha kubisa dzanja m'thumba, nkhani n'kuthera pomwepo. M'malo mwake anaika chipewa pansi, napita pamene Rhona anaima, n'kumuonetsa chalacho. Rhona anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana pansi.

"Ndinakulakwira, eti?" anafunsa.

"Inenso. Patuka, moto uwu ndi wanga."

Anadumpha katatu, utsi ukumulowa m'maso. Atabwerera, anapeza bambo ake atakolopola khala lija ndi mpeni, akudya kekeyo pang'onopang'ono.

"Jinja wachuluka," anatero akupukuta m'maso. "Mayi akonso ankachulutsa."