Majombo a Sajeni Elson

Nyumba ya a Amosi ndi mayi Lestina, m'mphepete mwa esiteti ya tiyi ku Thyolo, inali yosauka koma yamtendere. Makolowa anabwera ali ana kuchokera kudziko la Apwitikizi, ndipo pemphero lawo linali limodzi: ana awo awiri, Elson ndi mng'ono wake Stewart, aphunzire sukulu, asadzakalambe ndi dengu la tiyi kumsana.

Pasukulu ya mishoni panali gulu la pelete. Mphunzitsi wake anali a Stafford, amene anamenya nawo nkhondo ya Ajeremani nabwerako akutsimphina. Anyamata ankaguba opanda nsapato, ndodo paphewa m'malo mwa mfuti. Sikuti ankangoguba ayi. Ankalambula njira ya kuchitsime, kufolera nyumba za amayi amasiye, ndi kunyamula odwala pamachira. Mu 1932 a Stafford anasankha Elson kukhala sajeni wa anzake, namupatsa lamba ndi wenzulo.

"Anzakowa ndawaphunzitsa kumvera wenzuloyu osafunsa," anatero a Stafford. "N'chifukwa chake uzimuopa. Ndipo pamalo oopsa, sajeni ndiye amayamba kuponda."

"Inde bwana!" anayankha Elson, koma maso ali palamba.

Udindo unamukwera kumutu ngati mowa wam'mawa. Sankakhazikikanso. Akakhala pansi mwendo unkangogunda, akaima n'kumakonza lamba amene anali wokonzeka kale. Nkhuni kunyumba anasiya kuwaza, ati sajeni sagwira nkhwangwa.

"Iwe Elson," anatero a Amosi tsiku lina, "ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Lambayo ndi wobwereka."

"Za usilikali simuzidziwa inu bambo," anayankha mnyamatayo, uku akutuluka.

Chinkamudya mtima chinali chimodzi: mapazi ake ong'aluka. Sajeni wanji woyenda chapansi?

Mvula itayamba, tiyi anaphukira mwamphamvu ndipo othyola anachepa. A Dickson, kapitawo wa paesiteti, anamudikira Elson panjira, majombo achisilikali ali m'manja.

"Asajeni!" anakuwa mwaulemu wachinyengo. "Munthu wamkulu ngati inu kumaponda minga? Tayesani awa."

Anamukwana ndendende.

"Ndi anu amenewo. Inu mungondibweretsera asilikali anuwo Loweruka lililonse adzathyoleko tiyi. Mukangoliza kawenzuloko, alipo angafunse?"

Panalibedi wofunsa. A Stafford anali chigonere ndi malungo, choncho Elson anauza anzake kuti iwowo ndiwo alamula ntchitoyo. Anyamata ankaguba mpaka kumunda wa tiyi, tsidya lina la mtsinje wa Nsuwadzi, n'kumathyola tsiku lonse popanda kulandira kanthu. Sajeni wawo ankakhala pamthunzi ndi a Dickson. Loweruka loyamba Elson anangolawa kachasu n'kutsokomola. Lachitatu ankaitanitsa yekha.

"Majombo amenewa wawatenga kuti?" anafunsa mayi Lestina. "Bambo ako athyola tiyi mpaka imvi, sanavalepo."

"Andipatsa kusukulu."

"Nanga fungo lili m'kamwamoli akupatsanso kusukulu? Mwana wanga, bweza zinthu za eni. Mtima wanga sukugona."

Elson anangoseka, n'kupitiriza kupukuta majombo ake.

Loweruka lina la mu Januwale kunacha mvula itagwa kwambiri kumapiri. Elson anali atadzera kale kwa a Dickson kukanyowetsa kukhosi, ndipo kapitawoyo anamuuza kuti akachedwa ndi anyamatawo, majombo abwerera kwa mwini wake. Atafika pa Nsuwadzi ndi gulu lake anapeza madzi ofiira, akuthamanga ndi zitsa. Miyala yowolokera sinkaoneka. Mlatho unalipo, koma kutali kumtunda.

Elson anayang'ana madzi, n'kuyang'ana mapazi ake. Kulowa nawo majombo m'matope amenewo, ayi. Kuwavula pamaso pa anyamata ake, manyazi.

"Gwiranani manja muwoloke," analamula. "Ine ndibwera pambuyo."

Woyamba pamzere anali Stewart. Iye anatembenuka.

"Achimwene, madziwa achuluka. Paja a Stafford anati pamalo oopsa..."

"Pano palibe achimwene! Pali sajeni!"

Analiza wenzulo. Stewart anachita monga anaphunzitsidwira, analowa m'madzi. Anzake anatsatira. Atafika pakati, chitsa chinamugunda Stewart, dzanja lake n'kupulumuka m'dzanja la mnzake. Mutu unaonekera kamodzi kumunsi, kenako osaonekanso.

Anyamata anadziponya m'madzi kumufuna, ena akukokana okhaokha kuti asapite nawo. Elson anangothamanga uku ndi uku pagombe, akuliza wenzulo ngati kuti mtsinje umamva lamulo.

Mfuu itafika kumudzi, mayi Lestina anathamanga nsalu ili m'manja. Anapeza ana a eni ake ali chinyowere, akunjenjemera, matope mpaka m'tsitsi. Kenako anaona mwana wawo wamkulu.

"Elson," anatero ndi mawu otsika, "anzako onsewa anyowa chifukwa cha mng'ono wako. Nanga iwe wauma bwanji?"

Elson anangoyang'ana majombo ake ouma.

Mtembo wa Stewart unapezeka mawa lake, utakodwa m'mizu ya mkuyu. A Dickson anakanitsitsa kwa mtuwagalu kuti sanaitanepo mwana wasukulu aliyense. A Stafford anadzuka pamphasa ya malungo kudzaika maliro, ndipo analira pagulu osabisa. Makolo anachotsa ana awo m'gulu la pelete, gululo n'kutheratu. Chaka chimenecho nyumba za amasiye zinadontha mpaka mvula kutha.

A Amosi sanamumenye Elson, ngakhale kumukalipira. Ankangoti akamuona, n'kuyang'ana kumbali. Zimenezo mnyamatayo sanazipirire. Maliro asanazizire anathawira ku Halale, ndipo kwawo sanapondekonso.

Anyamata ndi atsikana amene mwapatsidwa udindo pasukulu kapena pampingo, imvani. Kumvera kwa anzanu si katundu wanu woti mugulitse. Kunyada kumaitana bodza, bodza limaitana mowa, ndipo zikakumana zitatuzi wovulala amayamba kukhala amene amakukhulupirirani koposa. Musatume mnzanu kumene inu mukuopa kuponda, pakuti Mulungu adzakufunsani za m'bale wanuyo.