Bala la Mtembo

Apolisi anafika Lachiwiri m'mawa, Mayi Mabala akusefa utomoni wa mlombwa pakhonde. Dzinali anamupatsa ndi anthu a mafilimu, poti iye ndiye ankawapangira magazi ndi mabala abodza ndi zitsamba.

"Tikufuna amuna anu," anatero wapolisi. "Amenya mtembo."

"Mtembo wa ndani?"

"Wabwera wokha kudzadandaula."

Mayiyo mutu unaima. Mwamuna wake, wojambula mafilimu wosapha ndi nyerere yomwe, anakwezedwa m'galimoto atavala nsapato imodzi.

Kupolisi n'kumene zinamveka pang'ono. Wodandaulayo anali Mtembo, mkulu amene filimu iliyonse ankangomupatsa mbali ya munthu wakufa. Anali pabenchi, akubuula, tsaya lili ng'aa, magazi atauma mpaka m'khosi. Mayi Mabala mantha anamugwira. Bala limenelo linali loti munthu n'kukasewenza nalo jere zaka.

Usiku sanagone. Kutacha anapeza kuti botolo la utomoni ndi kachitini ka phula palibe pashelefu. Anathamangira kupolisi.

"Bwana, andibera magazi!"

"Mayi, apa si pachipatala."

Akulimbana choncho, Mtembo analowa kudzasaina madandaulo ake, akutsimphina mwendo umene dzulo unali bwinobwino. Wapolisi anamuyang'ana, nayang'ana chithunzi chimene anamujambula pafoni dzulo lake. Anatembenuza foniyo. Anaitembenuzanso.

"Akulu, bala lija linali kumanzere. Lasamuka liti?"

Mtembo anagwira tsaya ili, kenako linalo. Anali atasamba usiku, ndipo m'mawa anakonza bala latsopano pagalasi, akuonera chithunzi cha bala ladzulo, n'kusokoneza mbali.

"Likuyenda, bwana. Ndi matsenga."

Wapolisi ananyowetsa kansalu, napukuta kamodzi. Bala lonse linatsalira pakansalupo.

"Ndatopa n'kufa!" Mtembo analira, unyolo uli m'manja. "Ndinawapempha ojambulawo andipatseko mawu awiri okha mufilimu. Akuti ndimagona bwino."

Wojambula anatulutsidwa masana omwewo. Panjira ankangoyamika, koma mkazi wake mtima unkamuwawa, osadziwa ngati akondwe kapena alire.

"Nanga watani iwe? Si ndatuluka?"

"Bala lija munaliona m'mphepete mwake?" anafunsa mayiyo. "Zaka zonsezi ine sindinapangepo lotero. Anthu a mafilimu akamva, azidzapita kwa iyeyo."