Utuchi wa Lachisanu

Tilly anayetsemula kasanu asanamalize kachidutswa kamodzi ka apozi. Tegan anagwada n'kuika khutu pa waya wa khola. M'chifuwa cha khosweyo munkalira kaphokoso konga ka ketulo yoyamba kutentha, ndipo m'mbali mwa mphuno munali mofiirira. Mimba inali itakula, kutangotsala masiku anayi kuti aswe.

Tilly anali khoswe woweta, woyera thupi, wakuda mutu, wa m'kalasi ya sayansi ya Mayi Petrakis. Pa tchuthi aphunzitsiwo anamupereka kwa Tegan, mmodzi wa ophunzira awo, ndipo anzake asanu ndi mmodzi anali atatchuliratu mayina ana amene anali asanabadwe. Tegan anawaimbira aphunzitsiwo mtima uli m'mwamba.

"Wamuyalira chiyani m'kholamo?" anafunsa Mayi Petrakis.

"Utuchi wa mkungudza, Madamu. Adadi amabwera nawo kuchokera kuntchito. Umanunkhira bwino."

"Fungo lakelo ndiye vuto. Mafuta a mtengo umenewo amapweteka chifuwa cha khoswe, ndipo ana ongobadwa kumene sangapirire. Uchotse lero lomwe, ung'ambe mapepala oyera umuyalire. Thonje usaike, limakola timiyendo ta ana. Akapanda kusintha, upite naye kwa dokotala wa ziweto."

Kunena n'kosavuta. Mayi Petrakis sankawadziwa Bambo Brennock, bambo ake a Tegan.

Chichokereni mayi ake a Tegan kukakhala kumzinda wa Toowoomba, bamboyo ankalankhula mawu ochita kuwerenga. M'mawa, "Wadya?" Madzulo, "Watseka geti?" Basi nkhani za tsiku zatha. Koma khola la Tilly anakhoma okha, la nsanjika ziwiri, makwerero ake osalala. Lachisanu lililonse ankabwera kuchokera kufakitale yocheka matabwa atanyamula thumba la utuchi umene anausefa ndi manja awo pa nthawi yopuma, anzawo akuwaseka kuti akalamba n'kukhala wantchito wa khoswe. Ankaliika pakhonde n'kunena kuti, "Za mlendo wako izo." Tegan ankadziwa kuti zonse zimene bambo ake ankalephera kunena zinali m'thumba limenelo, ndipo ankaopa kulikana.

Tsikulo linali Lachisanu. Thumba latsopano linafika monga mwa nthawi zonse.

Paja amati kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Tegan anatsuka khola, anayala mapepala pansi, kenako anawaza utuchi pamwamba kuti mapepalawo asaoneke. Pang'ono chabe, anadziuza yekha, wongoti adadi akasuzumira aone. Anadzitama kuti wapeza nzeru, koma anaiwala kufunsa mwini khola.

Loweruka m'mawa, Tegan anapeza bambo ake atanjuta pakhonde, kapu ya tiyi ikuzirala pambali. Tilly anali pa ntchito. Ankafukula utuchi ndi timanja take, kutulutsa pepala, kulikokera m'kabokosi kake ka pamwamba, n'kutsikanso. Utuchi ankaukankhira pakona. Akakwera makwerero ankaima pakati, nthiti zikukwera ndi kutsika.

"Mapepala awa achokera kuti?" anafunsa Bambo Brennock osatembenuka.

Tegan anayang'ana zala za kumapazi kwake.

"Khala chete kaye," anatero bamboyo, ngakhale mwanayo anali asananene kanthu. Anasendeza khutu pa waya n'kumvetsera nthawi yaitali. "Kapumidwe aka ndimakadziwa. Mkulu wina amene anandiphunzitsa ntchito ankapuma chonchi. Ankakana kuvala chophimba kumphuno." Anatapa utuchi n'kuununkhiza. "Mtengo uwu ngakhale chiswe sichiuyandikira. Zaka makumi awiri ndakhala ndikuuza makasitomala zimenezo, ndiye ine ndemwe n'kumayalira kanyama kapakati. Unadziwa liti?"

"Dzulo. Madamu anandiuza kuti ndichotse wonse."

"Nanga uwu ukutani muno?"

"Ndimaopa kuti mukhumudwa, adadi," anatero Tegan. "Mumachita kusefa nokha. Ndimaganiza kuti ndikaukana musiya... simudzabweranso ndi kanthu."

Bambo Brennock anapukuta manja pa buluku pang'onopang'ono. Zinawapweteka ndithu, nkhope yawo sinabise.

"Ndiye umati mnzakoyu abanike kuti ine ndisangalale? Tegan, ine ndi munthu wamkulu, kukhumudwa sikungandiphe. Uyu alibe pakamwa poti anenere. Pakamwa pake ndi iweyo." Anaimirira, mawondo akulira. "Katenge bokosi. Dokotala amatseka masana Loweruka."

Dokotala anapereka mankhwala a madontho, n'kunena mosabisa kuti Tilly achira, koma za anawo sangalonjeze. Atabwerera, bambo ndi mwana anatsuka khola ndi madzi otentha n'kulianika padzuwa mpaka fungo litatheratu. Kenako anakhala pakhonde n'kumang'amba mapepala. Tegan ankang'amba mwachisawawa. Bambo ake, poti mmisiri ndi mmisiri, ankayeza mzere uliwonse ndi chala chachikulu kuti ifanane.

"Adadi, Tilly alibe tepi yoyezera."

"Ntchito ndi ntchito, mwana iwe. Zakozo zikuoneka ngati zatafunidwa ndi mbuzi."

Tegan anaseka mpaka misozi. Sankakumbukira tsiku lomaliza limene bambo ake anamunyogodola.

Lachiwiri m'mawa, m'kabokosi munamveka kulira koti tii, tii. Ana analipo asanu ndi anayi, ofiira, opanda ubweya, aliyense ngati chala chaching'ono. Awiri sankagwedezeka. Tegan anawakulunga m'pepala, ndipo bambo ake anakumba kadzenje kuseri kwa thanki ya madzi. Tegan analira kwambiri, chifukwa sankadziwa ngati usiku umodzi uja wa utuchi wa pamwamba ndi umene unawapha, ndipo panalibe womuuza. Bambo ake sananame kuti ayi. Anangomugwira paphewa mpaka atatonthola.

Lachisanu madzulo galimoto inaima pageti, Tegan n'kusuzumira pawindo. Bambo Brennock anatsika ndi thumba, lotupa kuposa kale. Munali mapepala oyera okulungira katundu, ong'ambidwa mizere yofanana bwinobwino.

"Za alendo ako izo," anatero. Anaima pang'ono, n'kuwonjezera kuti, "Zikakhala zolakwika, undiuze."

"Ndikuuzani, adadi."

Utuchi wotsala unapita kumunda wa maluwa. Koma Tegan anatapako dzanja limodzi, anauthira m'sokosi yakale n'kuiika m'kabati ya zovala zake, kutali ndi khola. Akatsegula kabatiyo m'mawa uliwonse, munkamveka fungo la malaya a bambo ake.